Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira phiri la Zomba

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Zomba, a Meya ndi makhansala a mzinda wathu, aphungu athu, mafumu athu a ndodo, ndi inu nonse amene munasenzetsedwa udindo woyang'anira nkhalango, madzi, zokopa alendo ndi zinthu zakale,

Zikomo akuluakulu. Ndakupatsani moni nonse, aliyense pampando wake, ndipo ndikhulupirira kuti kunyumba mwasiyako bwino. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndaphunzitsa jogalafe ndi mbiri yakale m'sukulu za m'boma lino kufikira choko chitandiyeretsa zala, ndipo kumanda kwathu n'konkuno. Kalatayi ndaiika poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza aliyense amene amamwa madzi otsika m'phirimu, ndipo ndikufuna nawonso aimve. Musaione ngati mwano. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chandilembetsa ndi ichi. Mu Okutobala wapitayu mdzukulu wanga wa Sitandade 7 anandikakamira kuti ndikamuonetse kumene malemu bambo anga ankagwira ntchito pamwamba paphiri. Tinalawira mbandakucha ndi botolo la thobwa ndi chinangwa chophika. Mwanayu ndinali nditamudyetsa nkhani zambiri: za mthunzi woyenda maola awiri osaona dzuwa, za masamba a paini oterera kumapazi, za kamphepo kokuvalitsa juzi mwezi umene ku Chinamwali ndi ku Matawale anthu akugona pakhonde chifukwa cha kutentha. Titatulukira pamwamba anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Agogo, nanga nkhalango ija ili kuti?" Ndinasowa chonena. Patsogolo pathu panali zitsa, utuchi, phulusa, ndi utsi ukufuka kutsidya. Ndinaoneka wabodza pamaso pa mwana.

Ndiloleni ndiyambe ndi zimene ndinkalemba pabolodi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a inu munazikhoza pamayeso. Phiri la Zomba limatenga malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 130. Nsonga yake yaitali, Malumbe, ili pa mamita 2,087, pamene mzinda uli pa mamita ongopitirira 900. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, n'chifukwa chake amene akutuluka thukuta pamsika wa Zomba ndi amene akuothera moto ku Chawe, pamwamba paphiri, amakhala m'tsiku limodzi. Kumpoto, chigwa cha Domasi chimalekanitsa Zomba ndi phiri la Malosa. Kumadzulo phiri limatsetsereka mwadzidzidzi kuloza ku Chingale ndi ku Shire. Kum'mawa kuli chigwa chofika ku nyanja ya Chilwa.

Chofunika kuchimvetsa ndi kaumbidwe ka pamwamba. Zitunda zazitali zili m'mbalimbali, pakati n'polowa, ngati mbale ya ndiwo. Mphepo yachinyontho yochokera kumwera chakum'mawa ikagunda phiri imakwera, imazizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula, ndipo mvulayo imagwera m'mbalemo. Mizu, udzu wa m'madambo ndi masamba owolerana pansi zimaigwira n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Ndiye mtsinje wa Mulunguzi umenewu, umene umadutsa pa mathithi a Williams ndi a Mandala, n'kudzaza damu limene linamangidwa cha m'ma 2000, n'kutsikira mumzinda kukakumana ndi Likangala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzinda wa Zomba. Onjezanipo chipatala chachikulu, yunivesite, asilikali a ku Cobbe, ndende, masukulu ogonera komweko. Onsewa mpopi wawo umayambira m'mbale ija. Likangala ndi Domasi akatsika amathirira mpunga m'masikimu, n'kukathera mu Chilwa, nyanja yopanda potulukira, kumene kumachokera matemba, makumba ndi milamba imene timagula ku Mpondabwino. Chilwa anaphwapo mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Sindikunena kuti nkhwangwa ya m'phiri ndiyo yokha imamuphwetsa, chifukwa nyanjayi ili ndi chizolowezi chake cha makedzana chobwerera pakakhala chilala. Koma mitsinje imene kale inkayenda mpaka Novembala ikamauma mu Ogasiti, msodzi wa ku Kachulu ndi ku Chisi amaimva m'thumba.

Ife a m'tsinde phirili timalidziwa ngati mtsuko. Ena analidziwa ngati malo opumulirako, ndipo mbiri imeneyo ndi yathunso.

Azungu asanafike kuno kunali kale eni ake: Amang'anja, kenako Ayao a mafumu monga Malemia, pambuyo pake Alhomwe ochokera ku Mozambique. David Livingstone anaiona nyanja ya Chilwa mu 1859. M'zaka za m'ma 1880 John Buchanan, amene ankalima khofi m'mbali mwa Mulunguzi, anamangira kazembe wa Britain nyumba ya nsanja zosongoka ija imene lero timaitcha Masongola. Mu 1891 Harry Johnston anakhazika likulu la boma la atsamunda pomwepa, ndipo munda wa zomera umene uli m'mphepete mwa Mulunguzi unayamba nthawi yomweyo m'manja mwa Alexander Whyte. Zomba anakhala likulu kufikira 1975, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anasamutsira boma ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Zaka 84 za ulikulu si zamasewera.

Mabwana aja, chilimwe chikafika pachimake, ankathawa. Udzudzu, malungo ndi kutentha zinkawakankhira pamwamba, kumene anamanga makoteji a miyala okhala ndi chumuni ndi malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera. Anathira nsomba za trout m'mitsinje yozizirayo kuti aziwedza Loweruka ngati kwawo. Anadzala paini wochokera ku Mexico ndi mkungudza wochokera ku Mulanje. Mu 1913 anaika phirili m'gulu la nkhalango zotetezedwa. Msewu wokwerera unali wopapatiza kotero kuti kunali njira yokwerera payokha ndi yotsikira payokha. Mayi a Mfumukazi ya ku Britain anafika mu 1957, ndipo pamene anaima kuyang'ana chigwa panatchedwa Queen's View. Mfumu Haile Selassie wa ku Ethiopia anabwera mu 1965, n'kusiya dzina la Emperor's View, kumene abale athu achirasta amakwerabe kukakumbukira. Kukacha bwino, munthu ukaima pamenepo umaona Mulanje yense, chigwa cha Phalombe ndi Chilwa akunyezimira ngati chitini.

Bambo anga anali khukhi m'koteji imodzi mwa amenewo. Iwo ankatsogola kutatsala masiku awiri, atasenza dengu la ziwiya, kukasesa, kuwaza nkhuni ndi kutenthetsa madzi kuti bwana ndi dona akapeze zonse zili m'malo. Ankatiuza kuti usiku wa mu Okutobala ankasonkha moto kuti mabwana aothe, iwo n'kukagona kukanyumba kakumbuyo atadziphimba chiguduli. Agogo anga aakazi ankatsika ndi mbatata pamutu m'kanjira kaphompho kamene alendo mpaka lero amakatcha Potato Path. Sindikulira masiku amenewo ayi. Munthu wakuda ankakwera phiri la makolo ake ngati wonyamula katundu, wophika kapena wosesa, ndipo palibe amene anamanga koteji poganizira mwana wa ku Sadzi. Koma chimodzi bambo ankachinena kawirikawiri: chaka chilichonse dzinja likangotha, magulu a anthu ankalambula mizere yotchinga moto, ndipo utsi ukangooneka, alonda a pansanja ankaimba mfuwu, anthu n'kuthamangira komweko ndi nthambi. Tinalandira ufulu mu 1964. Makoteji anagwera m'manja mwa nthambi za boma, mipingo ndi makampani. Tinayembekezera kuti phiri lija tsopano likhala lathu tonse, losamalidwa kuposa kale chifukwa mwini wake wabwerera. Apa m'pamene pali madandaulo anga.

Loyamba ndi la kudula kopanda kubwezeretsa. Ndinene chilungamo, paini anadzalidwa kuti adzachekedwe. Ndi mbewu ngati chimanga, kungoti imatenga zaka zoposa 20 kuti ikhwime. Palibe cholakwa kuona lole ya matabwa ikutsika. Cholakwa ndi kuona chitunda chimene chinametedwa zaka zapitazo chikadali mpala mpaka lero, mwamera tchire ndi minga ya zipatso zakutchire zokhazokha. Mlimi amene amakolola osabzala timamudziwa dzina lake kumudzi. Kumene mbande zinabzalidwa, zambiri zinasiyidwa osapaliridwa, udzu n'kuzipitirira, moto n'kumaliza. Ndipo nkhwangwa itatha paini yalowa m'mitengo yachilengedwe ya m'makwawa, imene atsamunda omwe, ndi dyera lawo lonse la matabwa, ankaisiya chifukwa ndiyo imasunga akasupe. Ife ophunzitsa tinkauza ana kuti m'mbali mwa mtsinje simudulidwa mtengo. Lero mwana akakwera akapeza chitsa chili m'madzi.

Lachiwiri ndi moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, aliyense wokhala mumzinda akatuluka panja usiku amaona mzere wofiira ukuyenda m'phiri ngati njoka. Timauona tonse, inunso mumauona muli pakhonde. Wina akusaka mbewa, wina akufuna msipu, wina wakwiya chifukwa sanalipidwe ganyu, wina akufuna mitengo ipse kuti aigule motchipa ngati yowonongeka. Zifukwa n'zambiri, koma moto umayenda mtunda wautali chifukwa mizere ija sikulambulidwanso mokwanira ndipo ozimitsa ndi ochepa, opanda zida. Amene ndawaona akulimbana nawo ndi anyamata a m'midzi ndi anthu ena ongodzipereka, atanyamula nthambi zaziwisi, ena ali ndi patapata kumapazi. Anthu otere ayenera kuthokozedwa ndi dzina lawo pamsonkhano wa khonsolo, osati kusiyidwa okha.

Lachitatu limandiwawa kwambiri, chifukwa ndinaliona ndi maso anga tikutsika tsiku lija. Mayi wina wachikulire, mtolo wa nkhuni zouma uli pamutu, anaimitsidwa ndi munthu wina wovala yunifolomu. Anamulanda chikwanje, n'kumutulitsa mtolo, mayiyo akupepesa atagwada. Tili chiimire pomwepo, lole yodzaza matabwa mpaka kumwamba inadutsa, dalaivala n'kungokweza dzanja. Mwina inali ndi mapepala ake onse, sindikuiweruza. Koma mdzukulu wanga anaphunzira phunziro limene sindinafune kuti aphunzire, lakuti lamulo limaona mtolo koma lole siliiona. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, lili ndi zilango zokwanira. Likamagwera amayi a nkhuni okha, anthu a m'midzi yozungulira amayamba kuona phiri ngati chuma cha adani awo, ndipo munthu sazimitsa moto m'munda wa mdani.

Pano ndisadziyeretse. M'nyumba mwanga muli mbaula, ndipo thumba la makala limene lili kukhitchini silinagwe kumwamba. Magetsi akazima, gasi atakwera mtengo, tonse a m'tauni timathamangira kwa mnyamata wa njinga wochokera ku Malosa kapena kuseri kwa phiri. Ife ogula ndife theka la mlandu. Koma pensulo ya ndondomeko ili m'manja mwanu, osati mwa ine.

Lachinayi ndi madzi enieniwo. Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yopsa ndi yopanda chophimba, simalowa pansi. Imathamanga, itanyamula dothi ndi phulusa, n'kukazitula m'damu. Damu likamadzaza matope, malo a madzi amachepa, ndipo kuyeretsa madziwo kumadya mankhwala ambiri, amene mtengo wake umabwera kwa ife pa bilu. Kwathu kuno amayi ayamba kudzuka usiku kukatchera ndowa mwezi wa Novembala, ndipo mvula ikagwa madzi ena amafika ofiirira. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, akuluakulu, koma chitsime ichi chikadzaphwa sipadzakhala china chopatukirako.

Ndiye pali Napolo. Achinyamata amamva dzinali ngati nthano ya chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Amene tinaleredwa ndi anthu oona ndi maso timadziwa kuti mu Disembala 1946 mvula yoposa mamilimita 700 inagwa pa Zomba m'masiku osakwana awiri. Phiri linang'ambika, miyala ndi mitengo zinatsika ndi madzi, milatho ya mumzinda inakokoloka, ndipo anthu anafa, makamaka cha ku Ntiya. Mayi anga mpaka ukalamba wawo sankagona mvula ikagwa usiku wonse. Tsono taganizani: zimenezo zinachitika phiri likadali ndi chovala chake, ndipo m'tsinde munali anthu ochepa. Lero nyumba zakwera m'mapiri mpaka m'malo amene kale munkadutsa nyani yekha, zina zamangidwa m'njira yeniyeni ya madzi. Tinaona za ku Phalombe mu 1991. Tinaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, matope atakwirira mabanja athunthu. Sindikulosera tsoka. Ndikungoti phiri lotsetsereka, lometedwa, lopsa, lokhala ndi nyumba kumapazi kwake, mphunzitsi aliyense wa jogalafe akhoza kukuuzani mathero ake.

Lachisanu ndi la malo opumulira aja ndi mbiri yawo. Hotela ya Ku Chawe ikuyenda, makoteji ena a mipingo ndi a anthu akusamalidwa bwino, ndipo eni ake ndiwathokoze. Koma ena angotsala makoma, malata anazulidwa, mawindo anapita, chumuni chokha chili njo ngati chipilala cha pamanda. Malo oswetsera trout, amene kale ana a sukulu ankaima pamenepo kukamwa kuli yasa, sakufanananso ndi mbiri yake. Misewu ya fumbi yopita ku Queen's View, ku Emperor's View ndi ku dzenje la Chingwe yakumbika ndi malole olemera, moti galimoto yaing'ono ikayesa imasiya ziwalo m'njira. Ukafika, supeza chikwangwani cholongosoka chokuuza kuti waima pati, nanga ukuona chiyani. Pa dzenje la Chingwe mlendo amamva nkhani zitatu zosiyana kwa anyamata atatu: wina akuti ankaponyamo akhate, wina akuti adani a mfumu, wina akuti dzenjelo limakatulukira ku Shire. Nthano zimenezi n'zokoma ndipo zisungidwe, koma zilembedwe ngati nthano, kuchokera pakamwa pa agogo a m'midzi ya kumeneko adakali moyo. Zimandidabwitsa kuti nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lonse ili mu Zomba momwemuno, yunivesite yokhala ndi akatswiri a mbiri ili pomwepa, ofufuza za nkhalango ndi za miyala ali pomwepa, koma nzeru zonsezi sizinakwere makilomita ochepawa kukaima pa thabwa limodzi lolembedwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi.

Mumzindamunso nyumba zina zakale za nthawi ya likulu zikudontha, njerwa zikugumuka, ndipo tsiku lina tidzangomva kuti zagwetsedwa pakumangidwa sitolo. Pali amene amati n'za atsamunda, zigwe. Ine ndimati njerwa zimenezo anaumba ndi agogo athu, misonkho yomangira inachokera m'thumba la agogo athu, ndipo m'zipinda zina mwa zimenezo ndi mmene munakambidwa za ufulu wathu.

Chinanso chimene sindingachisiye. M'kalasi mwanga, chaka ndi chaka, ndinkafunsa kuti ndani anafikapo pamwamba paphiri. M'kalasi lodzaza, manja ankakwera owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo anali ana opita kukatola nkhuni. Mlendo wochokera ku London amadziwa mathithi a Williams kuposa mwana wobadwira ku Chikanda, amene amaliona phirilo tsiku lililonse akamatsuka mkamwa. Zaka zonsezi chilandirire ufulu, malo opumulira aja akadali a anthu a galimoto. Nanga amene amadyera m'phirimo moona mtima, amayi ndi anyamata ogulitsa sitiroberi, mabulosi, mapulamu ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu, osema ziboliboli, ogulitsa miyala yonyezimira ya ku Malosa, operekeza alendo, amathamangira galimoto iliyonse padzuwa ndi pamvula popanda ngakhale kashedi. Za abale athu a ku Chingale, kuseri kwa phiri, ndingonena mwachidule: iwo amaliona phiri lomweli kumsana, msewu wa Lirangwe–Chingale–Machinga akhala akuumva m'malonjezo kwa zaka zambiri, ndipo munthu amene sangathe kutulutsa mbewu zake kupita kumsika amatembenukira ku makala, chifukwa makala saola panjira.

Tsono, akuluakulu, ndi ulemu wonse, ndikupempha izi:

1. Ikani poyera mndandanda wa onse amene ali ndi chilolezo chodula kapena kucheka mitengo m'phiri la Zomba ndi la Malosa: dzina la kampani kapena gulu, dera limene anapatsidwa, kukula kwake, ndalama zimene analipira, ndi zimene analonjeza pa kubzala. Mndandandawu umatidwe pa bolodi la khonsolo, pachipata chokwerera kuphiri, ndi pa intaneti. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho sitikupempha chachilendo.

2. Imitsani kudula kulikonse m'dera limene madzi ake amathira mu Mulunguzi kumtunda kwa damu, kufikira akatswiri atayendera n'kunena poyera mmene zinthu zilili. M'mbali mwa mitsinje ndi akasupe mubwerere mitengo yathu yosunga madzi monga katope, msopa, mkuyu ndi mbawa, osati paini kapena bulugamu.

3. Aliyense wodula asapatsidwe dera lina asanaonetse kuti limene anadula kale labzalidwa, lapaliridwa, ndipo mitengo yapulumuka zilimwe ziwiri. Tiziwerenga mitengo yamoyo mu Okutobala, osati mbande zogawidwa mu Januwale.

4. Mizere yotchinga moto ilambulidwe isanafike Julayi chaka chilichonse. Lembani ganyu anthu a m'midzi yozungulira, muwapatse zida ndi nsapato, ndipo muwalipire pa nthawi yake. Lamulo la nkhalango limalola kuti boma ndi midzi achite mgwirizano wosamalira nkhalango limodzi n'kugawana phindu. Mafumu athu, apa ndi panu: mawu anu pabwalo amamveka kuposa chikwangwani chilichonse.

5. Gawo lodziwika la ndalama zochokera ku matabwa, ku madzi ndi kwa alendo libwerere kuphiri komweko, ndipo chaka chikatha mutiuze kuti zinalowa zingati, zagwira ntchito yanji.

6. Jambulani mapu a malo amene Napolo angadutse, muwafotokozere anthu m'chilankhulo chawo, musiye kugawa mapuloti m'malo amenewo, ndipo amene ali kale m'njira ya madzi mukambirane nawo mwaulemu za kosamukira mvula isanayambe. Kuwagwetsera nyumba popanda kowalozera si yankho.

7. Werengani makoteji onse a pamwamba ndi nyumba zakale za mumzinda, mudziwe mwini wa iliyonse ndi mmene ilili. Zimene eni ake alephera kuzisamala zibwereketsedwe poyera kwa amene angazikonze. Koma imodzi, imodzi yokha, ikonzedwe kuti ikhale ya ana a sukulu za boma, kuti kalasi lochokera ku Jali, ku Mayaka, ku Thondwe kapena ku Chingale lizikagona usiku umodzi pamwamba, lione kumene madzi awo amabadwira, limve kuzizira kumene mabwana ankakuthamangira. Ngati pali pempho limene ndingakonde kuliona ndisanatsikire kuli chete, ndi limeneli.

8. Konzani misewu ya pamwamba, ndipo malole amene amaiwononga asonkhepo. Ikani zikwangwani za mbiri m'malo oonerapo, ndipo mumangire ogulitsa zipatso ndi operekeza alendo malo okhazikika okhala ndi chimbudzi.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, lakuti ndalama palibe. Ndagwira ntchito m'boma, ndikudziwa mmene thumba limabwerera mochedwa ndi moperewera, ndipo ndikudziwa kuti pakati panu pali anthu akhama amene amayenda wapansi m'phirimo popanda mafuta a njinga yamoto. Amenewo sindikuwaloza chala. Koma pempho loyamba likufuna pepala ndi zomatira basi. Lachitatu likufuna siginecha yokana. Lachiwiri likufuna kulimba mtima. Yambani ndi zimenezo, tione.

Pa 15 Disembala nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa. Chaka chino ndikupemphani kuti mwambowo usakhale wa tenti, mipando ya pulasitiki, mbande imodzi yothiriridwa ndi bwana atavala suti, ndi ojambula. Bwerani ndi majombo. Tikakumane m'munsi mwa Potato Path 6 koloko m'mawa, tikwere wapansi mmene ankakwerera agogo anga, mudzaone nokha zitsa, makwawa ouma ndi ngalande zimene madzi akumba. Mawondo anga ayamba kulira, ndiye ndidzakhala kumbuyo ndi ndodo yanga, koma mdzukulu wanga uja wati adzakutsogolerani, ndipo funso lake lija akuti adzalifunsanso kwa inu.

Yankho lanu ndidzalilandira mosangalala likadzabwera poyera, pomwe pano pamene anthu awerengera kalatayi. Inu owerenga, makamaka a ku Zomba amene muli ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kwina, itumizeni kwa khansala ndi phungu wa kwanu.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
m'tsinde mwa phiri la Zomba